Apongozi pa Chulu cha Laimoni

Anzake a Laimoni pochoka ku usilikali wa Keyala, nkhondo ya ku Bama itatha, anabwera ndi zinthu zooneka. Wina njinga, wina makina osokera, wina chifuwa chosatha koma ndi jekete labwino. Laimoni anabwera ndi magalasi oonera patali, aja a maso awiri amene ukawaika kumaso phiri la kutali limadzakukhala pamphuno. Anamusiyira ndi mzungu wina wausilikali amene Laimoni ankamuchapira ndi kumupukutira nsapato. Mzunguyo anali ndi nthenda yakeyake. Mfuti zikangopuma, iye ankagona chafufumimba m'matope n'kumayang'ana mbalame. Laimoni poyamba ankamuseka chamumtima. Tsiku lina anasuzumiramo nayenso, ndipo nthendayo inamulowa osatulukanso.

Atakwatira Mailesi anakakhala chikamwini kwa mkazi wake, kumunsi kwa Lisungwi, kumene mapiri a Neno amathera ndipo milambe imayambira. Kuseri kwa minda ya mudziwo mtsinje umachita ulesi usanakalowe mu Shire, n'kumwazika kukhala dambo lalikulu la bango ndi gumbwa. M'mphepete mwa dambolo munali chulu chachitali, pamwamba pake pali mtengo wa bwemba. Anthu sanachedwe kuchipatsa dzina. Ankati ndi ofesi ya a Laimoni.

Tisamunamizire, kulima ankalima. Koma ankalima ngati munthu amene wasiya mwana pafupi ndi chitsime. Dzuwa likangokwera pang'ono, khasu pansi, magalasi m'khosi, uyo ku chulu. Kumeneko ankakhala osatekeseka mpaka nyerere zinkamuyesa chitsa. Ankaona mvuu zikuyasamulirana mwano, nkhwazi ikugwera m'madzi ngati mwala n'kudzukamo ndi nsomba, akakowa akuyenda pambuyo pa anakodzwe ngati amesenjala pambuyo pa bwana wa ku boma. Mailesi atamufunsa chimene ankapezako, iye anati kunkhondo chilichonse chimene ankachiyang'ana ali chobisala chinali choti achiphe kapena chimuphe. Kuno munthu unkatha kuyang'ana chinthu mpaka chimalize zochita zake n'kumapita kwawo.

Zikanakhala zaka zina anthu akanangoseka. Koma njala ya fote naini inali isanachoke m'mawondo mwa anthu. Omwe anatafuna mizu ndi gaga chaka chimenecho sankamvetsa munthu wopita tsiku ndi tsiku kumene ndiwo zimayenda ndi miyendo yawo, n'kubwerako atanyamula nkhani zokhazokha.

Amene sankamvetsa kuposa onse anali apongozi ake, a Stelia, mayi a Mailesi. Anali mayi wamfupi wa mawu omveka kutsidya. Amuna awo anapita ku Halale kalekale n'kuiwala njira yobwerera, ndipo mbumba yonse anailera okha ndi khasu. Mwa mwambo, iwo ndi Laimoni sankaonana nkhope. Akatulukirana panjira, mmodzi ankalowa patchire mpaka mnzake adutse. Mawu awo ankadzera mwa Mailesi, kapena mwa kamwana ka banjali, Yunike. Pakasowa wotuma, munthu ankalankhula kwa nkhuku kapena kwa khoma, mokweza ndithu, kuti mwini nkhani amve yekha. Choncho zaka zonsezo a Stelia ankamudziwa mkamwini wawo ndi nkhongo yokha, ndipo nkhongoyo sinkawasangalatsa.

Chimene chinaswa mphika chinali uzimba wa chilimwe chimenecho. Amuna a m'mudzi anamuuza Laimoni kuti lero magalasi akewo agwire ntchito, akwere pa chulu aziwalozera kumene kuli nyama. Iye atakwera anaona mphoyo zili chigonere m'bango cha kum'mawa, ina ikuyamwitsa. Anatambasula mkono n'kuloza kumadzulo. Anthu ndi agalu awo anathamanga tsiku lonse n'kubwerako ndi ng'azi imodzi ndi minga m'mapazi. Nkhani ikanathera pomwepo, koma madzulo Laimoni anamufotokozera Mailesi akuseka, kuiwala kuti khoma la udzu silisunga chinsinsi, ndiponso kuti apongozi ankapeta mapira kuseri kwake.

Patapita masiku ochepa kunabwera a Gerishon, mlongo wa a Stelia, amenenso anali nkhoswe ya banjali. Anali munthu wa fodya wa pamphuno ndi nkhani zambiri, woti anagwirapo ntchito ya njanji ndipo ankati palibe chimene chingamudabwitsenso. Anakhala pa mpando, nafunsa za moyo, za mbuzi, za chimfine cha Yunike, kenako anafika pa mutu. Eni mbumba, a Stelia, anali atatopa. Ankafuna kuti mkamwini apinde bulangete lake abwerere kwawo kumapiri. Mailesi atsala, Yunike atsala, popeza mwana ndi wa kuchikazi.

"Njira zilipo ziwiri, akamwini," anatero a Gerishon akutsina fodya. "Mupite nawo magalasiwo kwa mmwenye ku Lisungwi, mukabwereko ndi nsalu ya apongozi anu. Kapena mubwereke uta, mugwetse kanyama kamodzi, mwendo wathako ukagone pakhomo pawo. Zikakanika zonsezi, Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi tidzakuperekezani."

Laimoni anayang'ana Yunike, amene ankaumba ng'ombe yadothi pafupi ndi nkhokwe, lilime lili kunja. Kumusiya mwanayu sakanatha. Kugulitsa magalasi sakanathanso, ndipo kulasa nyama imene wakhala akuidziwa mayendedwe ake ngati mnansi, dzanja likanakana lokha.

"Ilipo yachitatu, bambo," anatero. "Apongozi ayang'anemo kamodzi kokha. Akayang'ana n'kunenabe kuti ndizipita, bulangete ndipinda ndekha."

A Gerishon anaseka mpaka fodya anawalowa pammero. Atatsokomola mokwanira anafunsa kuti munthu ungamuonetse bwanji chinthu pamene sungaime pambali pake, sungamupatse kanthu m'manja, sungamulozere ndi chala iye akukuona. Laimoni anati zimenezo amusiyire iye.

Anayamba ndi kutuma Mailesi. Yankho linabwera msanga: a Stelia anati maso amene Mulungu anawapatsa akuwakwanira, moti amatha kuona mlesi ali kutali popanda chothandizira. Tsiku lotsatira Laimoni anadikira kuti apongozi apite kumadzi, n'kukawasiyira magalasiwo pamwamba pa mtondo. Anabwezedwa ali pa lichero, Yunike atawasenza, ndi uthenga wakuti pakhomo pa Akhristu sipagona zithumwa za asilikali.

Mailesi analira. Anamufunsa mwamuna wake ngati wasankhadi mbalame kusiya mkazi ndi mwana. Laimoni anati sanasankhe chilichonse, akufuna zonse, ndipo sakuona chifukwa choti munthu adule dzanja lamanja kuti amulole kusunga lamanzere. Mailesi anati mawu okomawo akawanene kumapiri kwa abale ake, chifukwa Lamulungu silinali kutali.

Pamenepo Laimoni anasiya kugogoda pakhomo n'kuyamba kufunafuna zenera. A Stelia anali ndi dimba la nzimbe m'mphepete mwa dambo lomwelo, ndipo nzimbezo zinkasowa. Panalibe banja m'mudzimo limene anali asanalikayikire. Ngakhale mkulu wa mpingo ankamuyang'ana mano akamalalikira. Lachisanu masana Laimoni anakhala pafupi ndi khoma la udzu, nauza Mailesi mokweza, ngati akulankhula ndi munthu wogontha, kuti n'zachisoni kuti akuchoka asanagwire wakuba nzimbe, pakuti ukakhala pa chulu ndi magalasi dimba lonse limabwera pafupi moti ungamuzindikire munthu ndi zala za kumapazi.

Kuseri kwa khoma, munsi umene unkasinja unaleka kulira.

M'mawa mwake, Loweruka, Yunike anabwera ndi uthenga. Agogo ake anati apita ku chuluko, koma anthu asaganize kuti akupitira zinyama.

A Gerishon ndiwo anakonza makhalidwe, ndipo anaikonda ntchitoyo kwambiri. A Stelia ndi Mailesi anakwera pamwamba pa chulu, pamthunzi wa bwemba. A Gerishon eniake anakhala pakati pa chitunda ngati mlonda wa pageti. Laimoni anamuika patali, patsinde pa mlambe, atafulatira. Ndiye taganizani: munthu amene ankalidziwa dambolo ngati chikhatho chake anayenera kulionetsa kwa wina iye akuyang'ana makungwa a mtengo.

Malangizo ankachoka kwa Laimoni kupita kwa a Gerishon, kwa a Gerishon kupita kwa Mailesi, kwa Mailesi kupita kwa amayi ake. Agwire ndi manja awiri. Asatsinzine. Apotokole kagudumu ka pakati pang'onopang'ono. Mayankho ankatsika njira yomweyo. Poyamba anati mukuoneka mdima. Kenako anati mukuoneka utsi. Kenako kunamveka kakubuula, ndipo Mailesi anati amayi apeza dimba lawo ndipo akufuna kugwira tsamba la nzimbe ndi dzanja.

Analiyang'anitsitsa dimbalo nthawi yaitali. Wakuba sanabwere, popeza akuba sadziwa kuti akudikiridwa. Atatopa, Laimoni anatumiza mawu oti ayese kuyang'ana kudambo. Anayang'ana. Ndipo dambolo, limene masiku onse linkachita phokoso ngati msika, tsiku limenelo linangoti zii. Mvuu zinali pansi pa madzi. Anakodzwe anali atapita kumene anakodzwe amapita munthu akawafuna. Ngakhale kakowa mmodzi wochotsa manyazi panalibe.

Dzuwa linakwera. Thukuta linayamba kuyenderera pamsana pa Laimoni. Anamva a Stelia akuuza mwana wawo kuti aona, zikomo, bango lakula, bango lomwelo akhala akulidula chiyambire utsikana wawo. Anamva nsalu ikukutumulidwa, monga amachitira munthu amene wanyamuka. A Gerishon anatsitsa mawu kumuuza kuti wayesetsa, akapinde bulangete lija bwinobwino.

Nthawi yomweyo, cha kumunsi kwa chulu, pathawale lodzaza ndi masamba oyandama, kunamveka kulira kwa kambalame, kokhala ngati chitseko chosowa mafuta. Laimoni ankakudziwa kulira kumeneko. Kudikira kuti mawu akwere makwerero a anthu atatu kunali kutaya nthawi. Anayang'ana mlambe n'kuulankhula mokweza.

"Mlambe iwe, ukanakhala ndi pakamwa ukanauza eni mbumba kuti asafune zakutali. Ayang'ane pansi pomwepo, pathawale la masamba, ndipo adekhe pang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kenako mawu a Stelia anatsika chulu osafuna wowanyamula.

"Bwemba, umuuze mlambeyo kuti ine nkhono ndinazidya chaka cha njala. Maso ake sindinawafune."

Komabe mapazi otsika sanamveke. Laimoni anaima chilili, chipumi chili pa khungwa la mtengo, akuwerenga zochitika ndi makutu okha. Ntchentche inamutera pakhosi ndipo sanaithamangitse. Nthawi inapita yoti munthu akanakazinga chimanga n'kuchitafuna.

"Mailesi," anatero a Stelia, ndipo mawuwo anali aang'ono moti sanali ngati awo, "mbalame iyi ili ndi miyendo yambirimbiri."

Laimoni anamwetulira kwa mlambe. Ankadziwa chimene ankaona. Kambalame kofiirira, koyera pakhosi, ka zala zazitali ngati mapesi a tsache, kamene kamayenda pamwamba pa masamba a m'madzi osamira. Pansi pa mapiko ake pankalendewera timiyendo tina, tambiri, ngati kaba nkhuni. A Stelia anayamba kufotokoza okha, osafunsidwa. Kaima. Kanjuta. Katsegula mapiko. Mwagwa tiana, tonga timibulu ta thonje, ndipo nato tikuyenda pamasamba ngati tili pabwalo pa kwawo. Kenako mthunzi wa kabawi unadutsa pamadzi, kambalame kanalira, tiana tonse tinathamangira m'khwapa, ndipo iko kanatipana n'kunyamuka nato, timiyendo tili lendelende.

A Stelia anati ameneyo ndiye mayi, osati atsikana a masiku ano. Laimoni anauza mlambe kuti pepani, ameneyo ndi bambo. Mayi wake amangoikira mazira n'kupita kukacheza kwina, wofungatira ndi wolera ndi mwamuna.

"Ndiye mkamwini weniweni ameneyo," anatero a Stelia kwa bwemba. "Ena amangodziwa kukhala pa chulu."

A Gerishon anali atasiya kale malo awo a ulonda n'kukwera pamwamba, akupempha kuti nawonso aoneko. Mlongo wawo anawauza kuti adikire, anthu a njanji anaona kale zonse. Ndipo ngati kuti dambo linangofuna kuyamba laona ngati mlendoyo ndi wokhalitsa, madzi a pakati anatumphuka, mvuu inatulutsa mutu n'kupemerera, ndipo pamsana pake panali kamwana konenepa kakuterereka n'kukweranso, kuterereka n'kukweranso.

A Stelia anaseka. Chinali chiseko chenicheni, cha m'mimba, chokhala ndi kakutsamwa kumapeto. Laimoni chikwatirire anali asanachimvepo. Anaiwala mwambo, anaiwala mlambe, n'kutembenuka kuti aone chimene chawaseketsa.

Nthawi yomweyonso a Stelia anali akuyendetsa magalasi m'mphepete mwa dambo kufuna zina zoti aone. Maso awiri agalasiwo anayenda, anayenda, n'kudzaima pa iye.

Kwa Laimoni, apongozi ake anali kanthu kakang'ono pamwamba pa chulu. Koma iye ankawadziwa magalasi ake. Ankadziwa kuti kumtundako nkhope yake yafika pafupi moti akumuwerenga ndevu. Miyendo inamuuza kuti alowe patchire monga mwa masiku onse. Iye anaikaniza. Anaganiza kuti ngati mawa akuchoka, apongoziwo adziwe nkhope ya munthu amene akumuchotsayo. Anavula chipewa, nachigwira pachifuwa, n'kuima chomwecho maso ali pansi, kuwalola kuti ayang'ane mpaka akhute, monga momwe mvuu zinkamulolera iye.

Anayang'ana ndithu. Pomaliza anatsitsa magalasi.

"Mwamuna wako ali ndi chipsera pamwamba pa diso," anauza Mailesi. "Bwanji sunandiuze?"

Mailesi anati n'cha kunkhondo, ndipo sanafunsidwepo.

"Ndipo mphuno ya Yunike ndi yake. Ine nthawi yonseyi ndimayesa ndi ya kwathu."

A Gerishon, amene mlandu ankaununkhiza ngati fisi, anakonza pakhosi. Anati monga nkhoswe aona ndi maso awo chinthu chachilendo: mpongozi wayang'ana mkamwini kumaso, dzuwa likuswa mtengo, ndipo sanafulumire kuchotsa maso. Zikatere mwambo umafuna nkhuku, kuti awiriwo alowane, manyazi athe. Koma iwo chibadwire sanamvepo nkhuku ikuphedwera munthu amene mawa lake akupirikitsidwa. Tsono alongo awo asankhe, chifukwa mnyamatayu akapita kumapiri akafotokoza, ndipo anthu a kumapiri pakamwa sipatsekeka.

A Stelia anati iwo sanayang'ane munthu, anayang'ana ndi magalasi, ndipo ngati pali wopalamula a Gerishon akawazenge magalasiwo. Nkhuku yawo siifa chifukwa cha zimenezo. Anapukuta galasi ndi nsonga ya nsalu, mosamala, ngati akupukuta mwana m'maso.

"Za mawazo zisiyeni," anatero. "Bambo a Yunike akhale."

Koma akhale motani, zimenezo anazitsitsa kudzera mwa Mailesi, chimodzichimodzi. Dimba la nzimbe alitchinge ndi minga. Pa uzimba asadzakwerenso pa chulu, azikhala kunyumba, kusiyana n'kuthamangitsa amuna anzake chabe. Magalasi azigona kwa iwo, kuti khasu liziona mwini wake mpaka dzuwa lifike pamutu. Ndipo popeza nkhuku siinafe, mwambo ulipobe, chulu chimodzi sichingakhale anthu awiri. Masiku amene iwo atanganidwa adzatumiza Yunike kuti akawapereke.

Laimoni anafunsa mlambe kuti kodi eni mbumba amatanganidwa masiku ati. A Stelia anali atabwezera kale magalasi kumaso, akukankha chigongono cha mlongo wawo.

Anabwerera kumudzi awiri, iye ndi Mailesi, kuwasiya akuluakuluwo akulimbirana pamwamba pa chulu. Mailesi ankayenda mopepuka, akuseka yekha, koma atayang'ana khosi la mwamuna wake lopanda chingwe anamumvera chisoni. Anamufunsa ngati sizikumuwawa, kupambana mlandu n'kuluza ofesi.

Laimoni anati kumunsi, kumene dambo limapapatiza, kuli mkuyu wina wowerama pamadzi, wa mphanda yotakata moti mungakhale munthu wamkulu ndi mwana. Pamenepo nyama zimadutsa pafupi, maso okha akwanira. Akangomaliza mpanda apita ndi Yunike akayese kukwera. Atafika pakhomo sanakhale pansi. Anatenga chikwanje, nachinola pamwala, n'kulunjika kuthengo kukadula minga.